Mizu ya Nzimbe Chaka cha Madzi

Chaka chimene madzi anatenga achimwene anga, ndinkagwira ntchito mu labu ya alimi a nzimbe ku Chikwawa. Ntchito yanga inali yoyeza shuga. Mitolo ya nzimbe ikabwera kuchokera m'minda yosiyanasiyana, ndinkasankhamo zingapo n'kuziponya m'makina ofinya. Madzi akewo ndinkawasefa, dontho limodzi n'kulidonthezera pa kagalasi ka chipangizo chathu, nambala ikatuluka n'kuilemba. Ikakhala yaikulu mlimi ankachoka akumwetulira. Ikakhala yaing'ono ankati makina athu ndi abodza. Ndinaigwira ntchitoyi zaka zambiri, moti zala zanga zinkamata ngakhale Lamlungu.

Achimwene ankakhala kwathu kwa Ndamera, ku Nsanje, nyumba yawo moyang'anizana ndi ya amayi. Ndi amene ankandinyamula panjinga kupita kusekondale, katundu wanga atamumanga kutsogolo. Ankalima mapira kumtunda ndi chimanga kudimba, ankaweta mbuzi, ndipo anali ndi mwadiya, bwato lija losema pa mtengo umodzi, umene ankawolotsera anthu opita kuminda ya kutsidya. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Akandiimbira foni ankangofunsa ngati ndadya, kenako n'kupereka foniyo kwa amayi.

Mvula inagwa masiku otsatizana kumapiri. Kuchigwa kuno madzi amene amatipweteka nthawi zambiri sakhala a mvula yathu, amachita kutsika. M'mawa wina alamu anga, akazi a achimwene, anandiimbira ndili kuntchito. Anati madzi atalowa m'mudzi achimwene anawolotsa amayi, iwowo ndi ana mpaka pa sukulu ya pamtunda, kenako anabwerera kukatenga mbuzi.

"Anabwerera liti?" ndinafunsa.

"Dzulo masana."

"Ndiye?"

"Ndiye basi, mlamu. Mpaka pano."

Nditadula foni ndinayang'ana patebulo. Panali masampulo angapo osayeza. Ndinawayeza onse, ndinalemba manambala ake, ndinatsuka magalasi n'kuwayanika, kenako m'pamene ndinakagogoda ku ofesi ya abwana kukapempha kuti ndipite kumudzi. Abwana atamva anadzambatuka mpaka mpando unagwa. Ine ndinautola n'kuuimika.

Minibasi inatisiya pamene msewu unaduka. Ndinakwera kabaza, kenako ndinayenda pansi, nsapato zili m'manja. Pa sukulu paja panali anthu odzaza makalasi onse, ena pakhonde, ena pansi pa mitengo ndi nkhuku zawo zomanga miyendo. Amuna ankapita m'mawa uliwonse ndi miyadiya kukafufuza, madzulo n'kubwerera. Tsiku lina anaupeza mwadiya wa achimwene utavundikira m'bango, chingwe cha mbuzi chikadali chomanga kutsogolo. Mbuzi panalibe. Munthu panalibe.

Alamu anagwa pansi. Amayi analira mpaka mawu anasasa. Ine ndinanyamula ndowa n'kupita kukaima pa mzere wa ku mjigo, chifukwa madzi akumwa anali atatha. Masiku onse amene ndinakhala kumeneko ndinkatunga madzi, kuphika, kusambitsa ana ndi kuchapa. Anthu akabwera kudzapepesa ndinkawayankha bwinobwino. Ndinkaona zonse, ndinkamva zonse, koma zinali ngati zikuchitika kuseri kwa zenera lotseka.

Tsiku lina amayi anandigwira dzanja ndikudutsa ndi ndowa.

"Iwe sunalire."

"Ndilira, amayi."

"Liti?"

Ndinatula ndowa pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analankhula m'Chisena, monga amachitira zinthu zikawavuta. "Nkhabe, ayi, mwananga. Iwe suli bwino."

Akuluakulu a kubanja ankafuna kuti tichite mwambo wa maliro ngakhale thupi silinapezeke. Amayi anakana. Anati sangaimbire nyimbo za maliro mwana amene sanamuone ndi maso awo. Nkhaniyo inaima pomwepo. Ufa wothandiza utayamba kufika ndipo amayi ena a mpingo atatenga ntchito yophika, manja anga anasowa chochita. Ndinatsanzika n'kubwerera ku Chikwawa.

Ku labu ndinapeza mlendo. Anali mayi wa msinkhu wanga, wamfupi, wovala chipewa chachikulu, thukuta lili noninoni pakhosi. Pambali pake panali chigubu chachitsulo chofika m'chiuno.

"Awa ndi adokotala ochokera ku yunivesite," anatero abwana. "Koma si a chipatala, ndi a zomera. Akufuna mizu ya nzimbe za m'minda imene ili m'madzi. Inu minda yonse mumaidziwa. Koma ngati simukupeza bwino..."

"Ndipita," ndinatero.

Abwana sanawauze adokotala za kwathu, ndipo inenso sindinanene.

Tinkanyamuka m'mawa pa galimoto ya labu, atatu, ine, adokotala ndi adalaivala athu, bambo wachikulire wa ku Malemia amene ankandidziwa kuyambira nditangoyamba ntchito. Galimoto inkaima pamene matope ayambira, kwinako n'kuyenda pansi. Minda ya kufupi ndi mtsinje inali ndi madzi ofika m'mawondo, obiriwira pamwamba, otentha ngati osamba. Nzimbe zina zinali zitagona, zina zili chiimire, masamba apansi achikasu. Tinkalowa ndi majombo, koma madzi ankalowabe pamwamba.

Ntchito yake inali iyi. Adalaivala ankazula phata la nzimbe ndi khasu. Ine ndinkatsuka mizu msangamsanga, n'kudula nsonga zoyera zija, n'kuzikulunga m'kapepala konyezimira. Adokotala ankatsegula chigubu chija n'kuponyamo. M'chigubumo munali nayitirojeni wamadzi, wozizira moti akakudonthera pakhungu amaotcha. Akatsegula pankatuluka utsi woyera umene unkatsikira pansi m'malo mokwera. Muzu ukalowamo unkalira ngati nsomba m'mafuta, ndipo ukautulutsa unkathyoka ngati galasi.

"Fulumirani, fulumirani," ankatero nthawi zonse. "Muzu ukangoduka, chimene ndikufunacho chimayamba kutha."

Tsiku lachiwiri, tikupuma pa mthumbira wa ngalande, ndinawafunsa chimene ankafunacho. Sindikuganiza kuti ndinkafunadi kudziwa. Kungoti panali zii, ndiye wina anayenera kulankhula.

Nkhope yawo inawala. "Mukudziwa kuti mizu imapuma?"

"Ndinaphunzirako."

"Ndiye taonani. Mizu iyi yakhala m'madzi nthawi yonseyi, mpweya palibe. Chimanga chikanafa kale. Koma nzimbe zina izi zikadali moyo. Funso langa ndi limenelo."

Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pamatope. Anati muzu unapangidwa ndi timaselo tambirimbiri, ndipo selo lililonse limadya shuga wotsika kuchokera kumasamba kuti lipeze mphamvu. Mphamvuyo limaisunga m'kanthu kena kamene amangokatchula ndi zilembo zitatu, ATP. Mpweya ukakhalapo, shuga pang'ono amapereka ATP wambiri. Ukasowa, amapereka wochepa kwambiri.

"Vuto ndi lakuti shuga sayamba kuphwanyika yekha," anatero. "Selo liyenera kuyamba laikapo ATP pang'ono, monga mumayambira ndi udzu wouma kuti nkhuni zigwire moto. Tsono taganizani, ATP wachepa, ndiye yemweyonso akufunika poyatsira. Pamenepo m'pamene pamabwera payirofosifeti."

"Fosifeti wa m'fetereza uja?" anafunsa adalaivala, amene ankamvetsera akupala matope kukhasu.

"Yemweyo, bambo, koma awiri ogwirana." Anajambula timipira tiwiri n'kutilumikiza ndi kamzere. "Selo likamamanga zinthu zake, timagawo timeneti timagwa ngati zotsalira. M'thupi mwa inu ndi ine timagawoti timaphwanyidwa msanga. Koma chomera chimatisunga. Zinthu zikavuta chimatenga payirofosifeti n'kuyatsira shuga, ATP wochepa uja n'kumusungira ntchito zina. Ndikuganiza kuti mitundu ya nzimbe imene imachita zimenezi bwino ndi imene imapirira madzi. Ndikufuna ndidziwe kuti ndi iti."

"Ndiye ndi nkhani yabwino kwa alimi," anatero adalaivala.

"Mbali ina. Nzimbeyo ikhala moyo, koma ikudya shuga wake womwe. Mayi awa akadzaiyeza, nambala idzatsika."

Ndinagwedeza mutu. Mawu onsewo ndikuwakumbukira mpaka lero, ndi timipira tiwiri tija pamatope. Nthawi imeneyo chilichonse chimene munthu wandiuza chinkalowa n'kukhala mmene chalowera, osasuntha kanthu. Ntchito ya mizuyo inkandiyenera. Inkafuna manja achangu, sinkafuna mtima. Ndikafika kunyumba ndinkasamba, ndinkadya chimene chilipo osamva kukoma, ndipo alamu akaimba foni kunena kuti palibe chachilendo, ndinkati, "Chabwino, mlamu, tionana."

Kenako linafika tsiku la munda wa kumapeto, umene uli pafupi ndi ngalande yaikulu yothira mu Shire. Tinali titakumba mapata angapo dzuwa lisanakwere kwambiri. Fungo ndi limene linayamba kutipeza. Adalaivala anati mwina ndi ng'ombe, chifukwa masiku amenewo ng'ombe zakufa zinali paliponse. Anapita kukaona, n'kubwerera atavula kapusi.

"Si ng'ombe," anatero.

Adokotala anali atangotsegula chigubu. Anasiya chivundikiro pansi n'kutsatira adalaivala, koma sanafike. Atangoona kuchokera patali anatembenuka, anagwada m'nzimbe n'kuyamba kusanza.

Ine ndinapitirira. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti madzi sakwera kuchoka ku Nsanje kubwera ku Chikwawa. Mwana wa sukulu aliyense amadziwa zimenezo. Komabe ndinafika pafupi n'kuyang'ana mapazi, chifukwa achimwene anali ndi chala chaching'ono cha kuphazi lamanzere chimene chinakwera pa chinzake. Munthuyo anali atakodwa m'nzimbe zogona, m'mphepete mwa ngalande, atagona cham'mbali. Phazi lamanja linali ndi nsapato ya pulasitiki, lamanzere linalibe. Zala zake zinali zowongoka. Anali bambo wachikulire wa imvi, atavala jekete la bulauni lomanga mabatani onse.

Ndinamasula chitenje chimene ndinkamanga pamwamba pa ovolosi n'kumufunditsa. Sichinakwane thupi lonse, ndiye ndinasankha kumutu.

Adalaivala anaimbira apolisi, ndipo anatiuza kuti tisachoke. Ndinakhala pa mthumbira, chapafupi, ndi mulu wa zibuma pambali, chifukwa akhwangwala anali atayamba kutera pa nzimbe. Akayandikira ndinkaponya chibuma. Dzuwa linakwera. Ntchentche zinachuluka. Kumbuyo kwanga ndinkamva adalaivala akulankhula chapansipansi ndi adokotala, ndipo ndinamva mawu akuti Ndamera.

Patapita kanthawi adokotala anabwera, atatseka mphuno ndi chipewa chawo. Maso anali ofiira.

"Bwanji simunandiuze?"

"Simunafunse, adokotala."

"Masiku onsewa ndakhala ndikukulowetsani m'madzi awa. Ndikukuuzani kuti fulumirani, fulumirani." Anachotsa chipewa pamphuno. "Pepani kwambiri, amayi. Tiyeni mukakhale m'galimoto. Adalaivala alondera."

"Ndili bwino pompano."

Anaima osadziwa chochita. Kenako anakhala pansi pambali panga, pamatope pomwepo, n'kutola chibuma nawonso. Anaponya kamodzi, chinagwera kutali ndi khwangwala.

Apolisi anafika masana atapendeka, pa thirakitala, ndi amuna angapo onyamula mphasa. Uthenga unali utayenda kale pa mafoni, moti pasanapite nthawi kunabwera njinga yamoto itanyamula mayi wina. Anati akuchokera kumudzi wa kumtunda, cha kunjira ya ku Kapichira, ndipo wakhala akuyenda m'mbali mwa mtsinje kufunafuna bambo ake. Wapolisi anakweza chitenje pang'ono. Mayiyo sanayang'ane n'komwe nkhope. Anangoona jekete lija.

"Ababa! Ababa ine!"

Anagwa m'matope, akugubuduka, akuitana. Amuna aja anayang'ana pansi. Adokotala analiranso. Ine ndinkamuyang'ana mayiyo mmene munthu amayang'anira mnzake amene akudya iye ali ndi malungo. Chimene ndinamva chinali chofanana ndi kaduka, koma chakutali, ngati cha munthu wina.

Atamukulunga m'mphasa, mayiyo anafunsa mwini chitenje. Anamulozera ine. Anabwera n'kundigwira manja onse awiri.

"Zikomo, achemwali. Munawaphimba bambo anga. Ndikachapa ndidzakubwezerani, mungondiuza kumene mumakhala."

"Ayi, apite nacho."

"Mulungu akudalitseni."

"Zikomo," ndinatero. Manja ake anali otentha kwambiri.

Thirakitala itachoka tinabwerera pamene tinasiya katundu. Chigubu chinali chikadali chotsegula, padzuwa, chivundikiro chili pansi. Nayitirojeni anali kale wochepa, ndipo wotsalayo anali atauluka yense. Adokotala anapisamo ndi chopanira n'kutulutsa kapepala kamodzi. Mizu inali yofewa, yabulauni, yonyowa. Anatulutsa kena, chimodzimodzi. Munali mizu ya tsiku limenelo ndi ya dzulo lake, imene sitinaisamutsire mu furiji chifukwa magetsi anali atazima. Yonse inaonongeka.

Anakhala kumbuyo kwa galimoto, miyendo ikulendewera. Ndinkayembekezera kuti adandaula, koma anangoti, "Ndinachisiya chotsegula ndine." Kenako anati, "Zilibe kanthu." Ine ndinasonkhanitsa timapepala tija, ndinatsuka khasu ndi mpeni, n'kulongedza m'galimoto.

Nayitirojeni wina anachita kuitanitsa kuchokera kutauni, ndipo ndi mmene misewu inalili anachedwa. Pamene ankafika, madzi anali ataphwa m'minda yambiri. Tinakumba m'malo ochepa amene anatsala. Masiku omalizawo adokotala sankanenanso kuti fulumirani. Ankandibweretsera mabisiketi ndi madzi ozizira, ndipo ankandiyang'ana kawirikawiri akaganiza kuti sindikuona. Zimenezo zinkanditopetsa kuposa matope. Tsiku lonyamuka anandikumbatira pakhomo pa labu. Ndinaima mpaka anamaliza.

Nyengo yodula itafika, nzimbe za m'minda ija zinabwera patebulo panga. Manambala anatsikadi. Mlimi wina, bambo wamtali amene munda wake unali pafupi ndi ngalande ija, anakana kuchoka pa zenera.

"Nzimbe zanga sizinafe, mayi. Mwaziona nokha, zazitali bwinobwino. Shuga wapita kuti?"

Ndinamuuza kuti nthawi imene mizu inali m'madzi, nzimbe inkadya shuga wake kuti isafe. Ndinamuuzanso za payirofosifeti, mwachidule, mmene ndinamvera. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye ndikadandaule kwa ndani?"

"Palibe, bambo."

Anatenga pepala lake n'kumapita.

Patapita miyezi adokotala ananditumizira uthenga pafoni. Anati mizu imene inapulumuka ikuonetsa zimene ankaganiza pa mitundu ina ya nzimbe, koma ndi yochepa kwambiri moti sangatsimikize. Anati ayenera kudzabweranso madzi akadzasefukira. Posakhalitsa unabwera uthenga wina: "Pepani, sindinafune kunena choncho." Ndinayankha kuti palibe vuto, ndipo akadzabwera adzandipeza.

Amayi anavomera mapemphero m'chilimwe. Panalibe bokosi, panalibe manda. Abusa anabwera, kwaya inaimba pabwalo pamene panali nyumba ya achimwene, pamene tsopano panali mulu wa dothi ndi chitseko chimene alamu anachiimika pa mtengo. Ndinakhala pamphasa pakati pa amayi ndi alamu. Nyimbo zonse ndinkazidziwa ndipo ndinaimba nawo. Amayi anandiyang'ana kamodzi, koma sanafunsenso.

Mawa lake alamu anati akupita kudimba, ndipo ndinawatsatira. Dimba lonse linali litakwiririka ndi mchenga woyera umene madzi anasiya. Malire ndi anansi sankaoneka, moti alamu anachita kuyerekeza poyang'ana chitsa china. Kuti ubzale unkayenera kukumba dzenje mpaka mkono wonse ulowe, kufikira utapeza dothi lakuda lonyowa, mbewu n'kuponya pansi pamenepo. Alamu ankakumba, ine ndinkagwada n'kuponya chimanga.

Pa dzenje lina khasu linagunda chinthu. Alamu anafukula ndi manja n'kutulutsa mbale yachitsulo ya maluwa ofiira, yophwanyika pang'ono m'mphepete.

"Ndi yanu?" ndinafunsa.

Anaitembenuza uku ndi uku. "Ayi. Ife tinalibe yotere."

Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kuiika pambali pa thumba la mbewu. Tinapitiriza kubzala mpaka mchenga unayamba kuotcha mapazi. Pobwerera anatsikira kumtsinje n'kuitsuka, ndipo masana amenewo ana anadyeramo mbatata.